Kodi Mtengo wa Chitenje Umakwerera Pati?

Amayi anzanga a m'tauni ndi a kumudzi, pali funso limene likumveka paliponse pamene amayi asonkhana masiku ano, kaya ndi pa chigayo, pa mjigo, ku sikelo ya ana kapena pa doko podikira mabwato. Timamva kuti zitenje, malaya a ana, mapatapata, mabeseni ndi mbale zimene zadzaza m'sitolo zathu zimapangidwa ku China, ku India ndi ku maiko ena a kum'mawa, kumene antchito a m'mafakitale amalipidwa ndalama zochepa. Nanga ngati wopangayo amalandira zochepa, bwanji ife ogula tikulipira zambiri chotere? Ndalama yapakatiyo akudya ndani?

Funso limeneli si lamacheza chabe ayi, pakuti layambanitsa anthu ambiri. Mayi wogulitsa nsalu pa msika wa Mangochi anansi ake omwe amamutcha wakuba. M'nyumba zina bambo amasiya ndalama yogulira mwana yunifolomu, mayi nabwerako ku msika chimanja-manja chifukwa ndalamayo yaperewera, ndipo bambo amayamba kuganiza kuti ina yamangidwa pa mfundo ya chitenje. Akulu-akulu adati safunsa adadya phula. Tsono tiyeni tichilondole chitenje chimodzi kuchokera kumene chidapangidwa mpaka chifike m'chiuno mwathu, kuti tione pamene mtengo wake umakwerera.

TIYAMBE NDI USIPA WATHU

Ife a kunyanja nkhaniyi tikuidziwa kale, kungoti timaidziwira pa nsomba. Mlovi amene wachezera usiku wonse kukoka chilimira ku Msaka kapena ku Malembo amalandira gawo lake mwini zida atachotsa kale za mafuta a injini, za nyali ndi za ukonde. Chimene amapita nacho kunyumba n'chochepa. Mayi wa geni amagula usipawo pa doko, nauyanika pa thandala, ndipo mvula ikagwa wina umaola. Wouma uja amaulonga m'matumba, nalipira onyamula, nalipira galimoto ya ku Limbe, nadula chiphaso cha msika, nagona komweko masiku awiri kapena atatu akudya za m'thumba mwake. Wopikula ku Limbe naye amaugawa m'timilu, naikapo phindu lake.

Tsono mayi wa ku Ndirande akamagula kamulu kamodzi amadandaula kuti nsomba salima ndipo sadyetsa, nanga ikuduliranji? Ife yankho lake tikulidziwa. Thukuta la mlovi ndi kagawo kakang'ono chabe ka mtengo wa kamuluko, ndipo zambiri zimathera pa njira. Chitenje nacho n'chimodzi-modzi, koma ulendo wake ndi wochokera kutsidya kwa nyanja yamchere, ndipo njira yake imalipidwa ndi ndalama zakunja.

WOPANGAYO AMALANDIRA ZINGATI?

N'zoona kuti antchito a m'mafakitale a zovala amalandira zochepa poyerekeza ndi ntchito imene amagwira. Dziko la Bangladesh ndi limodzi mwa maiko osoka zovala zochuluka pa dziko lonse lapansi, ndipo ambiri mwa osokawo ndi amayi onga ife tomwe. Mu Disembala 2023 malipiro otsikitsitsa a wosoka zovala kumeneko adaikidwa pa 12,500 taka pamwezi, ndalama zokwana pafupi-fupi madola 113 a ku America. Moyo wawo ndi wowawa. Pa 24 Epulo 2013 nyumba yosanja ya Rana Plaza, mmene mudali mafakitale a zovala, idagwa pafupi ndi mzinda wa Dhaka, ndipo anthu oposa 1,100 adafera momwemo. Zovala zambiri za kumeneko zimapita ku Ulaya ndi ku America, ndipo zina zimadzatipeza ife zitavalidwa kale, ziri m'mabelo a kaunjika.

Koma taonani ichi. Madola 113 aja, pa mtengo wa ku banki wa kumayambiriro kwa 2024, adali pafupi-fupi K190,000. Nthawi yomweyo, mu Febuluwale 2024, boma lathu lidakweza malipiro otsikitsitsa a wantchito wa m'Malawi kufika pa K90,000 pamwezi. Ndiye kuti mayi wa ku Bangladesh uja, amene dziko lonse limamumvera chisoni, ankalandira kuwirikiza kawiri malipiro otsikitsitsa a kwathu kuno. Ku China malipiro ndi okwera kuposa pamenepo. Mbiri yakuti antchito a kum'mawa ndi otchipa idachokera kwa anthu a ku Ulaya ndi ku America, amene amayerekeza ndi malipiro a kwawo. Kwa ife amene timapeza ndalama pogulitsa usipa, mandasi ndi nkhuni, manja amenewo si otchipa konse.

Chinanso, maluwa a chitenje sajambulidwa ndi dzanja. Makina akulu-akulu amaomba ndi kudinda mamita zikwi-zikwi pa tsiku, motero malipiro a wantchito akagawidwa pa zitenje zonsezo, chimene chimagwera chitenje chimodzi n'chochepa ndithu. Ndalama zambiri za ku fakitale zimapita ku thonje kapena ulusi wa nailoni, utoto, magetsi, makina ndi phindu la mwini wake. Ngakhale wantchitoyo akadagwira ulere, mtengo wa pa msika wa Monkey Bay sukadatsika kweni-kweni.

NJIRA NDI YAITALI

Nyanja yathu ndi yaikulu ndi yokongola, koma sitima za katundu wakunja sizifikamo. Katundu wa kum'mawa amayenda masabata angapo pa nyanja yamchere ya India, natsikira pa madoko a eni ake: Dar es Salaam ku Tanzania, Nacala ndi Beira ku Mozambique, kapena Durban ku South Africa. Pa doko pali malipiro otsitsira, osungira ndi a mapepala, ndipo kontena ikachedwa kutuluka, masiku ochedwawo amalipitsidwanso.

Vuto limeneli makolo athu adalidziwa. M'zaka za m'ma 1800 nsalu yoyera ya merikani yoombedwa ku America, ndi nsalu yakuda ya kaniki yochokera ku India, zinkafika kwa mafumu Mponda ndi Makanjira zitasenzedwa pamutu kuchokera ku magombe a Kilwa ndi Quelimane, ulendo wa masabata ambiri. Nsalu inkakwera mtengo ndi mtunda uliwonse, kotero kuti pofika kuno inkasinthanitsidwa ndi minyanga ya njovu, ngakhalenso ndi anthu, pa malonda oipa aukapolo aja. Lero wosenza ndi lole, koma lamulo lake silidasinthe: wokhala kutali ndi gombe amalipira mtunda.

Mu 1970 idatsegulidwa njanji yodzera ku Liwonde ndi ku Nayuchi kupita ku Nacala, imene iri njira yaifupi kwa ife. Koma nkhondo ya ku Mozambique itakula, pofika 1984 njanji za ku Nacala ndi ku Beira zidaleka kuyenda, ndipo katundu wathu adayamba kuzungulira ku Durban, mtunda wa makilomita oposa 2,000. Njanji ya ku Nacala idakonzedwa ndipo ikuyendanso, komabe katundu wambiri wa m'sitolo akubwera pa msewu. Lole imamwa dizilo, ndipo dizilo yemweyo ndi wakunja, wobwera pa njira zomwezo. Mu Novembala 2023 mtengo wake udachoka pa K1,920 kufika pa K2,734 pa lita. Ndiponso popeza timagulitsa kunja zochepa, malole ambiri amabwerera ku doko opanda katundu, ndipo ulendo wobwererawo olipira ndife.

Katunduyo akalowa m'dziko safika ku Mangochi mwachindunji. Amayamba watsikira m'nyumba zosungiramo katundu ku Limbe kapena ku Lilongwe. Kuchokera ku Blantyre kudzera ku Zomba ndi ku Liwonde pali makilomita pafupi-fupi 190, ndipo kuchokera pa boma pali ulendo winanso wa matola kapena wa njinga yamoto wopita ku Namwera, ku Makanjira, ku Nankumba kapena ku Chembe. N'chifukwa chake kawiri-kawiri beseni lomwelo limadula kwambiri ku Makanjira kuposa pa boma.

TIMAPEZA MAKWACHA, TIMAGULA NDI MADOLA

Apa ndipo pagona nkhani yaikulu. Mwini fakitale ku China salandira kwacha. Mwini sitima, mwini doko ndi wogulitsa mafuta onse amafuna dola. Dolayo timaipeza pogulitsa kunja fodya, tiyi, shuga ndi mbeu zina, ndiponso kwa abale athu ogwira ntchito kunja, monga amuna ndi ana athu ambiri a kuno ku Mangochi amene ali ku Joni. Koma m'zaka zaposachedwapa zimene dziko lathu limagula kunja zakhala zikuposa pafupi-fupi katatu zimene limagulitsa. Chinthu chikasowa chimadula, monga mmene chambo chimadulira mwera ukaomba masiku ambiri.

Amayi achikulire akukumbukira kuti kwacha idayamba mu 1971, ndipo m'zaka zimenezo kwacha imodzi idali yamphamvu kuposa dola imodzi. Zimenezo zidapita. Mu Meyi 2012 dola idachoka pa K168 kufika pa K250. Mu Meyi 2022 kwacha idachepetsedwanso mphamvu ndi 25 pa 100, ndipo mu Novembala 2023 dola idachoka pa K1,180 kufika pa K1,700 tsiku limodzi.

Tiyerekeze kuti chitenje chikutuluka ku fakitale pa madola awiri. Kumayambiriro kwa Novembala 2023 madola awiriwo adali K2,360, koma patangopita masiku owerengeka adali K3,400. Wantchito wa ku fakitale sadamuonjezere malipiro, chitenje sichidatalike, maluwa ake sadasinthe, koma K1,040 yaonjezeka chisanakwere ndi sitima yomwe. Choipirapo n'chakuti mabanki nthawi zambiri sakhala ndi madola okwanira, motero amalonda ambiri amakagula kwa osintha ndalama a m'misewu, kumene mu 2025 dola inkagulitsidwa pa mtengo woposa kawiri wa ku banki. Mitengo ya m'sitolo imatsata dola ya mumsewuyo.

Umboni wake ndi kaunjika. Mu Febuluwale 2025 ogulitsa kaunjika, ambiri mwa iwo amayi, adaguba mpaka ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe podandaula za kukwera mtengo kwa mabelo. Zovala zimenezo eni ake ku Ulaya adazipereka ulere atatopa nazo, ndipo palibe wosoka amene akulipidwanso, komabe mtengo wake udakwera. Chidaukweza si malipiro a wopanga ayi, koma dola.

MSONKHO NDI NGONGOLE

Pa chipata cholowera m'dziko, kaya ndi pa Songwe, pa Mwanza, pa Dedza kapena pa Chiponde pathu pano, katundu amakumana ndi a Malawi Revenue Authority. Mu 2024 katundu wambiri wobwera atapangidwa kale ankadulidwa msonkho wa K25 pa K100 iriyonse, wowerengera pa mtengo wa katunduyo pamodzi ndi ndalama zonyamulira zomwe. Pamwamba pake pankabwera msonkho wa VAT wa K16.50 pa K100 iriyonse. Motero katundu wa K100 ankatuluka pa chipata ali pafupi-fupi K146. Misonkho ndiyo imagula mankhwala m'zipatala ndi kulipira aphunzitsi, choncho si yoipa payokha. Koma tidziwe kuti pogula chitenje timalipiranso boma, ngakhale ife amene sitidalembedwepo ntchito.

Ndiye pali ngongole. Woitanitsa katundu amalipira lero, katunduyo nadzafika patapita miyezi iwiri kapena itatu. Mu 2024 Reserve Bank of Malawi idaika chiwongoladzanja chake pa 26 pa 100 pachaka, ndipo wamalonda wamba pobwereka ku banki ankalipira zoposa apo. Mayi wa geni yaing'ono, amene banki simudziwa, amatenga mpamba ku banki m'khonde, kumene magulu ambiri amalipitsa K10 kapena K20 pa K100 pamwezi, kapenanso kwa akatapila, amene ndi oopsa koposa. Zonsezi zimalowa mu mtengo wa chitenje.

MANJA AMBIRI, ENA OSAYERA

Tawerengani manja amene chitenje chimadutsamo. Pali mwini fakitale, pali wogula ku Guangzhou, pali woitanitsa wa ku Kariakoo mu Dar es Salaam kapena wa ku Limbe, pali wopikulitsa, pali mayi wokwera basi kukaoda, pali wa pa benchi pa msika, ndipo pali woyenda nazo m'midzi wogulitsa pangongole. Aliyense amaikapo kake. Wotsirizayo amaika zambiri pa chitenje chimodzi chifukwa amagulitsa zochepa. Angathe kukhala padzuwa tsiku lathunthu nagulitsa ziwiri zokha, ndipo pa ziwirizo ndi pamene pachokere chiphaso cha msika ndi ufa wa ana.

Koma tisabise mau. Si kukwera konse kumene kuli ndi chifukwa chomveka. Amalonda okhala ndi mphamvu yoitanitsa makontena ndi kupeza madola ndi owerengeka, ndipo ogulitsa akachepa, wogula alibe kothawira. Alipo ena amene amabisa katundu akamva mphekesera yoti kwacha igwa, nadzamutulutsa pa mtengo watsopano. Alipo ena amene amapeza dola ya ku banki, koma nagulitsa katundu ngati kuti adagula dola ya mumsewu. Ndipo tonse taona kuti mtengo ukakwera subwerera, ngakhale chimene chidaukweza chitatha. Oterewa si mayi wa pa benchi uja. Iye ndi mnzathu m'mavuto.

NANGA THONJE LATHU?

Chowawa kwambiri n'chakuti thonje timalima tokha, ku Balaka, ku Salima, ku chigwa cha Shire ndi kuno ku Mangochi. Fakitale ya David Whitehead and Sons ku Blantyre, imene idayamba m'zaka za m'ma 1960, inkaomba ndi kudinda nsalu za thonje la m'dziko muno, ndipo pa nthawi ya mphamvu zake inkalemba ntchito anthu zikwi zingapo. Malonda atamasulidwa m'zaka za m'ma 1990, nsalu zakunja ndi kaunjika zidasefukira, fakitaleyo idafooka, ndipo mu 2003 idagulitsidwa kwa a Mapeto. Thonje lathu lambiri limapita kunja litangochotsedwa njere, ife n'kumagula nsalu yoombedwa ndi ena, titalipira ulendo wopita ndi wobwera womwe. Poyamba nsalu zakunja zidaoneka zotchipa, ndipo ogula adakondwa. Koma walira mvula walira matope: tsopano chovala chathu chamangirizidwa ku dola imene tiribe.

TICHITEPO CHIYANI?

Dola sitingailamule, ndipo doko sitingalisendeze kufupi. Komabe ziripo zimene ziri m'manja mwathu.

Choyamba, gulani pamodzi. Mutu umodzi susenza denga. Gulu la amayi khumi kapena makumi awiri likasonkha ndalama, n'kutuma awiri okhulupirika kukapikula ku Limbe, limadumpha manja awiri kapena atatu, ndipo ndalama ya ulendo imagawanidwa. Chitani zimenezi Eid, Khirisimasi ndi nthawi yotsegulira sukulu zisanayandikire, pakuti pamenepo ogula amachuluka ndipo mitengo imakwera. Otumidwawo abwere ndi malisiti, awerengedwe pamaso pa onse.

Chachiwiri, yang'anani nsalu, osati maluwa okha. Chikome-kome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tikitani kangodya ka nsalu ndi zala, kenaka muyang'anitse kudzuwa. Ngati idalimba ndi sitachi chabe, imafewa ndi kuonekera. Chitenje chotchipa chimene chisuluka ndi kung'ambika pa miyezi itatu n'chodula kuposa cholimba chokhala zaka ziwiri. N'chimodzi-modzi ndi beseni losweka likangokhala padzuwa.

Chachitatu, inu a geni, poika mtengo musawerengere ndalama imene mudagulira dzulo yokha, komanso imene mukaodere mawa. M'magulu athu alipo amayi amene mpamba wawo udasungunuka chakumapeto kwa 2023, osati chifukwa cha ulesi, koma chifukwa adagulitsa katundu yense pa mtengo wakale, ndipo atafika kopikula ndalama ya zitenje makumi awiri idangokwana khumi ndi zinayi. Funsani mtengo wa kopikula pa lamya musanagulitse, lembani zonse m'kope, ndipo ndalama ya mpamba isasakanikirane ndi ya ndiwo. Kutero si kuba. Kuba ndi kubisa katundu, kuchepetsa muyeso ndi kunamiza wogula.

Chachinayi, mukaona wamalonda akuchita zachinyengo zoterezi, musangong'ung'udza. Yambirani kwa akulu-akulu a msika ndi ku ofesi ya khonsolo. Liriponso bungwe la boma la Competition and Fair Trading Commission lolandira madandaulo a ogula, ndipo za masikelo ndi miyeso amaona ndi a Malawi Bureau of Standards. Pitani monga gulu, pakuti mau a anthu ambiri sanyozeka.

Chachisanu, kambiranani ndi abambo kunyumba. Awerengereni nkhaniyi, ndipo tsiku lina mupite nawo ku msika akadzionere okha. Ngati ndalama imene inkakwana chaka chatha yaperewera chaka chino, palibe wolakwa pakati pa inu awiri, ndipo si nkhani yogonera mofulatirana.

Chachisanu ndi chimodzi, tisanyoze zathu. Dengu la nsungwi, mphasa ya bango, mkeka wa mlaza ndi mtsuko wa dothi sizidikira sitima ndipo sizifuna dola. Telala wa pakhonde mukamupatsa ntchito, ndalama ya usosi wake imatsala m'mudzi momwemo, ndipo mawa adzagulira usipa wanu womwe. Aphungu ndi makhansala akabwera pa msonkhano, tisangowavinira ndi kuwaombera m'manja. Tiwafunse za msewu wa ku Makanjira, za mtengo wa thonje, ndi za tsiku limene thonje la ku Mangochi lidzavekenso ana a ku Mangochi.

Amayi anzanga, sungani tsamba ili, ndipo mupite nalo ku msonkhano wa gulu lanu sabata ino. Amene amadziwa kuwerenga awerengere anzawo. Kenaka mlembi atenge kope, alembe zinthu zisanu zimene nyumba iriyonse imagula chaka ndi chaka, ndipo mugwirizane chimene muyambe nacho kugula pamodzi.